Udzu wa Pabwalo la Ngwazi

Pachikuto cha kabuku ka nthano za zithunzi kotchedwa Action Comics, kamene kadatuluka ku America m'chaka cha 1938, pali mwamuna wovala chinsalu chofiira kumsana atanyamula galimoto yobiriwira n'kumaimenyetsa pathanthwe. Ameneyu ndi Superman, ngwazi imene adaipeka achinyamata awiri a mumzinda wa Cleveland, Jerry Siegel ndi Joe Shuster. Maso a aliyense wogwira kabukuko amathamangira pa ngwaziyo. Koma kumunsi kwa chithunzicho, cha kumanzere, kuli munthu wina amene akuthawa manja ali kumutu, maso atatuzuka ndi mantha. M'kati mwa nthanoyo timauzidwa kuti eni galimotoyo adali zigawenga zimene zidaba mtolankhani Lois Lane, koma wongoona chikuto sangadziwe zimenezi. Iye amangoona wamphamvu akuphwanya katundu, ndi wopanda mphamvu akuthawitsa moyo wake.

Padapita zaka zambiri okonda nthanozi asanayambe kufunsa za munthu wothawayo. Atayamba sadalekenso, ndipo mafunso awo adafika posintha kapangidwe ka mafilimu amene amalowetsa ndalama zankhaninkhani ku Hollywood. Madandaulo awo ndi a mitundu iwiri. Ena ndi okhudza kayendedwe ka nkhani: ngati ngwaziyo ili ndi liwiro lotere, idalekeranji kuchita chakutichakuti? Ena ndi okhudza chionongeko: ngwazi ikamaponyana ndi mdani wake m'nyumba zosanja, kodi m'nyumbamo mulibe anthu? Poyamba amamveka ngati madandaulo osiyana, koma tikalondola mbiri yake tipeza kuti muzu wake ndi umodzi. Akuluakulu adati njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Mkangano wonsewu ndi wofuna kudziwa ngati udzuwo uli ndi malo m'nkhani.

Aliyense amene adakhalapo pamoto kumvera nthano akudziwa kuti omvera sakana zosatheka. Wokamba akati Kalulu adapita kukafunsira mwana wa mfumu, ana amangovomera kuti tili tonse, palibe wofunsa kuti kalulu adaphunzira liti kuyankhula. Koma wokambayo akaiwala kuti adasiya Kalulu atamangidwa m'thumba, n'kumuonetsa akudya mtedza kumunda osafotokoza mmene adatulukira, mwana wina amadzutsa mutu. Nthano imaloledwa kudziikira malamulo ake, koma ikawaika iyenera kuwasunga. Okonda Superman sadafunsepo kuti munthu angauluke bwanji. Chimene akhala akufunsa n'chakuti munthu wouluka, wakumva kulira kwa mwana ali kutali, amatani nyumba yodzaza ndi anthu ikamagwa pamaso pake.

M'zaka zoyambirira chionongeko chidali mbali ya chisangalalo. M'kabuku ka nambala 8 ka Action Comics, ka m'chaka cha 1939, Superman adagwetsa dala nyumba za m'dera la anthu osauka, atawauza eni ake kuti atulutse katundu, pofuna kukakamiza boma kuti limange nyumba zabwino. Mu 1941, kampani imene pambuyo pake idadzatchedwa Marvel idajambula Namor, kalonga wa pansi pa nyanja, akumiza mzinda wa New York ndi chifunde chachikulu. Kabuku kamodzi kankagulidwa ndi masenti 10, ambiri mwa owerenga adali ana, ndipo pofika mwezi wotsatira mzinda unkapezeka uli chiimire. Mu 1954, dokotala wa zamaganizo Fredric Wertham atadzudzula timabukuti kuti tikuononga ana, komanso komiti ya nyumba ya malamulo ya Senate itafufuza nkhaniyi, makampani adadziikira okha malamulo otchedwa Comics Code. Malamulowa adaletsa kuonetsa magazi ndi nkhanza zonyanya. Zotsatira zake zidali zakuti makoma ankagwabe, koma mitembo sinkaoneka.

Mkangano weniweni udabadwira pamasamba a makalata a owerenga, kumapeto kwa timabukuti. Owerenga ankalemba n'kumaloza zolakwika: chovala chasintha mtundu, dzina la munthu lasokonekera, ngwazi yachita chimene mwezi wathawu chinkaikanika. Mkonzi wa Marvel, Stan Lee, adaona kuti kukangana ndi anthu oterewa n'kutaya nthawi, choncho mu 1964 adayambitsa mphoto yanthabwala yotchedwa No-Prize. M'kupita kwa nthawi lamulo lake lidakhala lakuti wowerenga apeze cholakwika, kenaka apeke yekha chifukwa chomveka chosonyeza kuti sichidali cholakwika ayi. Kuyambira mu 1967 opambana ankalandira envulopu yopanda kanthu m'kati. Nthabwala imeneyi idaphunzitsa m'badwo wathunthu kuwerenga nthanozi ngati nkhani za dziko lenileni limene zochitika zake ziyenera kulumikizana, ndipo idawapatsa owerenga mtima wakuti dzikolo ndi lawonso.

Mu 1973 mtima umenewu udakumana ndi maliro. M'kabuku ka nambala 121 ka The Amazing Spider-Man, kolembedwa ndi Gerry Conway, mdani wotchedwa Green Goblin adagwetsa bwenzi la Spider-Man, Gwen Stacy, kuchokera pamwamba pa mlatho. Spider-Man adaponya ulusi wake n'kumugwira mwendo asanafike m'madzi, koma atamukweza adapeza atafa. Pafupi ndi khosi la mtsikanayo ojambula adaikapo kamawu kakang'ono kosonyeza kuthyoka. Makalata adasefukira. Ena ankatsutsa zoti mawu a m'kabukuko ankatchula George Washington Bridge pamene chithunzi chinkaonetsa Brooklyn Bridge. Koma funso lalikulu lidali lakuti adamupha ndani, Goblin kapena ulusi wa womupulumutsa? M'kabuku ka nambala 125 mkonzi Roy Thomas adavomera kuti kuimitsidwa kwadzidzidzi ndi ulusiwo n'kumene kudathyola khosi. Patapita zaka 32, mphunzitsi wa sayansi pa University of Minnesota, James Kakalios, adawerengera m'buku lake kuti mtsikanayo ankagwa paliwiro la makilomita pafupifupi 150 pa ola, choncho sakadapulumuka. Apa funso la kayendedwe ka nkhani ndi funso la chionongeko zidakhala chinthu chimodzi. Owerenga adazindikira kuti mphamvu za ngwazi zikhoza kupha munthu yemwe ikufuna kumupulumutsa.

Nthanozi zitalowa m'kanema, mafunso adalowa nazo. Filimu ya Superman ya 1978, imene adatsogolera Richard Donner ndipo Christopher Reeve ndiye adali ngwaziyo, imatha ndi mizinga iwiri imene Lex Luthor adailozetsa mbali zosiyana, wina ku Hackensack m'chigawo cha New Jersey, wina ku California. Superman adagwira woyamba, wachiwiri udadzetsa chivomezi, ndipo Lois Lane adafera m'galimoto yokwiririka. Pamenepo Superman adazungulira dziko mwaliwiro mpaka nthawi idabwerera m'mbuyo. Mpaka lero oonera amafunsa kuti munthu wotha kuzungulira dziko kambirimbiri m'kanthawi kochepa adakanika bwanji kugwira mizinga iwiri. Komabe mafilimu a nthawi imeneyo sadaiwale anthu wamba. Mu Superman II ya 1980, General Zod adazindikira kuti kufooka kwa Superman ndi chifundo chake, nayamba kuopseza anthu a mumsewu. Superman ataona kuti nkhondoyo ipha anthu, adachoka mumzinda wa Metropolis ngakhale anthu ankamuyesa wamantha, n'kukokera adani ake kuchipululu cha madzi oundana. Chochitika chimenechi chidadzakhala muyeso umene oonera adayezera mafilimu a m'tsogolo.

Alembi a timabuku ndiwo adayamba kuyankha. Mu 1989 Marvel idatulutsa nthano za Damage Control, zolembedwa ndi Dwayne McDuffie ndi kujambulidwa ndi Ernie Colón, zokamba za kampani ya zomangamanga imene ntchito yake ndi kukonza zimene ngwazi zaphwanya ndi kulondola amene ayenera kulipira. Mu 1994 Kurt Busiek ndi Alex Ross adatulutsa Marvels, imene imakamba nkhondo zakale zomwe zija kudzera m'maso mwa wojambula zithunzi za nyuzipepala, Phil Sheldon, amene adataya diso limodzi pamene Namor ankamenyana ndi Human Torch. M'zaka zomwezi anthu wamba adazolowera mawu a Chingerezi akuti collateral damage. Awa ndi mawu a asilikali otanthauza anthu ndi katundu amene waonongeka pamene bomba linkalunjika kwina, ndipo adamveka kwambiri pamisonkhano ya atolankhani panthawi ya nkhondo ya ku Gulf mu 1991. Ndi mawu opangidwa kuti imfa imveke ngati nkhani ya m'kaundula. Okonda mafilimu atawabwereka, adabwerekanso mlandu umene mawuwo amabisa.

Zinthu ziwiri zidakulitsa mlanduwo. Choyamba ndi makompyuta, amene adachititsa kuti kugwetsa mzinda wonse m'kanema kukhale kotheka ndiponso kooneka ngati zenizeni. Chachiwiri ndi tsiku la 11 September 2001, pamene ndege zobedwa zidagwetsa nyumba ziwiri za World Trade Center ku New York, ndipo anthu pafupifupi 3,000 adafa pa ziwembu za tsikulo. Zaka 5 zokha m'mbuyomo, anthu ankasangalala kuona White House ikuphulika mufilimu ya Independence Day. Tsopano dziko lonse lidali litaona pa wailesi yakanema mmene nyumba yosanja imagwera, mmene fumbi limathamangitsira anthu mumsewu, ndi mmene abale amayendera ndi zithunzi za osowa. Kampani ya Sony idachotsa kanema wotsatsira filimu ya Spider-Man amene ankaonetsa helikopita itakodwa mu ulusi pakati pa nyumba ziwirizo. Marvel idatulutsa kabuku ka Spider-Man ka chikuto chakuda kolira malirowo, ndipo ngakhale pamenepo owerenga adakangana chifukwa kadaonetsa Doctor Doom, chigawenga chimene m'nthano zina sichisamala moyo wa munthu, akukhetsa misozi.

M'zaka zotsatira funso lakuti alipire ndani lidayamba kukhala mutu wa nkhani. The Incredibles ya 2004, ya Brad Bird, imayamba ndi ngwazi ikusumiridwa kukhoti ndi munthu amene idamupulumutsa komanso ndi okwera sitima amene adavulala, mpaka boma likuletsa ngwazi zonse kugwira ntchito. Mu 2006 Marvel idayamba nthano ya Civil War, yolembedwa ndi Mark Millar, mmene ngwazi zachinyamata zofuna kutchuka pa wailesi yakanema zidaputa chigawenga pafupi ndi sukulu mumzinda wa Stamford, ndipo anthu oposa 600 adafa. Boma lidalamula kuti ngwazi zonse zilembetse m'kaundula. Iron Man adavomera, Captain America adakana, ndipo nkhondo yawo idatha pamene anthu wamba ogwira ntchito zopulumutsa anzawo adamugwira Captain America, iye n'kuyang'ana mabwinja amene iwo eni adapanga, nadzipereka. Mu 2008 Will Smith adasewera Hancock, ngwazi yachidakwa imene anthu a ku Los Angeles ankaida chifukwa chithandizo chake chinkasiya misewu itang'ambika.

Chaka cha 2012 ndi pamene mkanganowu udapeza bwalo lalikulu. The Avengers idathera pa nkhondo ya pakati pa Manhattan, ndipo magazini ya The Hollywood Reporter idapempha kampani yowerengera kuonongeka kwa katundu pa ngozi, Kinetic Analysis Corp., kuti iyerekeze mtengo wake. Yankho lidali madola 160 biliyoni. Chaka chomwecho pa YouTube padayamba mapulogalamu a Honest Trailers ndi CinemaSins, amene ntchito yake ndi kuseka ndi kuwerenga zolakwika za m'mafilimu. The Dark Knight Rises ya Christopher Nolan idawapatsa chakudya chokwanira: Bruce Wayne atathawa m'ndende ya kudziko lakutali, wopanda ndalama, adabwerera bwanji mumzinda wa Gotham umene udali wotsekedwa? Nanga ndi mkulu uti wa apolisi amene angatumize pafupifupi apolisi ake onse m'ngalande za pansi pa nthaka tsiku limodzi? Chimene kale chinkadikira mwezi wathunthu kuti chisindikizidwe patsamba la makalata, tsopano chinkafika kwa anthu mamiliyoni filimu ikadali m'nyumba zoonetsera. Opanga mafilimu ankamva. Abale awiri Anthony ndi Joe Russo adanena poyera kuti popanga Captain America: The Winter Soldier ya 2014 ankayesetsa kutseka mipata yonse imene Honest Trailers ikadalowera.

Chithupsa chidaphulika mu June 2013 ndi filimu ya Man of Steel, ya Zack Snyder. Kumapeto kwake makina a General Zod adasalaza pakati pa Metropolis, kenaka Superman ndi Zod adamenyana n'kumaboola nyumba zosanja imodzi ndi imodzi. Fumbi, mapepala ouluka ndi anthu othawa zidajambulidwa mokumbutsa 11 September. Pakati pa phulusa limenelo Superman adapsompsonana ndi Lois Lane. Pomaliza, Zod atalozetsa moto wa m'maso mwake kwa banja lina pasiteshoni ya sitima, Superman adamuthyola khosi. Wolemba filimuyo David Goyer adaulula kuti Nolan, amene adali mmodzi wa akuluakulu oyang'anira ntchitoyo, poyamba adakana zoti Superman aphe munthu.

Oonera adagawikana pawiri. Mbali ina, mmene mudali mlembi wotchuka wa nthano za Superman, Mark Waid, idati vuto lalikulu silidali khosi la Zod lokha, koma kuti pankhondo yonseyo Superman sadaoneke akuyesa kukokera mdani kutali ndi anthu monga adachitira mu 1980. Mbali inayo idayankha kuti Superman ameneyu adali atangoyamba kumene ntchito, kuti ankamenyana ndi msilikali wobadwira nkhondo amene sakadalola kukokedwa, kuti chionongeko chachikulu chidachitika ndi makina a Zod pamene Superman adali tsidya lina la dziko kuphwanya makina enanso, ndipo kuti akadagonja anthu onse a padziko akadatha. Kampani ya Watson Technical Consulting, itafunsidwa ndi BuzzFeed, idayerekeza kuti anthu 129,000 akadafa, oposa 250,000 akadasowa, ndipo pafupifupi 1 miliyoni akadavulala.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo, koma chimene chidapweteka oonera chikuoneka kuti chidali china. Snyder adafuna kuti anthu aone mmene zingakhalire milungu itamenyana pakati pa anthu enieni. Walira mvula walira matope. Ukajambula chionongeko ngati chenicheni, oonera amayembekezanso maliro enieni. Filimuyo idatenga zithunzi za tsiku lachisoni kuti iwagwire anthu mtima, koma nkhondo itangotha idadumphira ku nthabwala ndi kwa Clark Kent akuyamba ntchito ku nyuzipepala ya Daily Planet ngati kuti mzindawo sudagwe. Apa lamulo limene nthanoyo idadziikira yokha ndi limene lidathyoledwa.

Mayankho adabwera msanga. Avengers: Age of Ultron ya 2015, ya Joss Whedon, idathera nthawi yaitali kuonetsa ngwazi zikusamutsa anthu a m'dziko lopeka la Sokovia. Mufilimu yomweyi muli nkhondo ya Hulk ndi Iron Man imene idajambulidwa m'misewu ya Johannesburg, mzinda umene Amalawi ambiri amaudziwa chifukwa cha abale amene adapita kukagwira ntchito. Iron Man asanamugwetsere Hulk m'nyumba yosanja yosatha kumanga, makina ake amayamba atsimikiza kuti mulibe munthu, iye n'kuchita nthabwala yofuna kuigula nyumbayo. Zikuonekeratu kuti mawuwo adaikidwa poganizira odandaula aja. Koma Hulk adali ataponda kale magalimoto ndi kumwaza anthu mumsewu, ndipo filimuyo sidatchule dzina la ngakhale mmodzi mwa iwo.

Mu 2016 makampani onse awiri adasandutsa dandaulo la oonera kukhala filimu yathunthu. Batman v Superman: Dawn of Justice, ya Snyder yemweyo, idabwereza nkhondo ya Metropolis kuchokera pansi, Bruce Wayne akuthamangira m'fumbi, akupeza wantchito wake Wallace Keefe miyendo itaphwanyika ndi kamtsikana kamene mayi ake adali m'nyumba yakugwayo. Mkwiyo wa Batman pa Superman ndi mkwiyo wa oonera a 2013. Captain America: Civil War, ya abale a Russo, idabweretsa pangano la Sokovia Accords, lovomerezedwa ndi maiko 117, loika ngwazi pansi pa ulamuliro wa United Nations. Mufilimuyi mayi wina akumuimitsa Tony Stark n'kumuonetsa chithunzi cha mwana wake, Charlie Spencer, amene adafera ku Sokovia. Mdani wamkulu, Zemo, alibe mphamvu zodabwitsa, ndi munthu chabe amene mkazi, mwana ndi bambo ake adafera kumeneko. Kwa nthawi yoyamba m'mafilimu akuluakulu otere, udzu udayankhula.

Woonera wa kuno ku Africa sangalephere kuona chinthu china m'mafilimu awiriwa. Onse adayambitsa mlandu wawo ndi imfa za anthu a mu Africa. Mu Batman v Superman, Superman akuimbidwa mlandu wa anthu ophedwa m'mudzi wa m'dziko lopeka la Nairomi. Mu Civil War, bomba limene Wanda Maximoff adalikankhira m'mwamba lidaphulitsa nyumba mumzinda wa Lagos, ngakhale zithunzizo zidajambulidwa ku Atlanta. Nkhani ya Lagos idakula chifukwa pakati pa akufawo padali nzika 11 za dziko lopeka la Wakanda, limene mfumu yake idakadandaula ku United Nations. Za anthu a ku Nigeria amene adafa pamodzi nawo, filimuyo sikamba zambiri. Wakufa amene adapatsidwa dzina, nkhope ndi mayi womulira ndi Charlie Spencer, mnyamata wa ku America. Ngakhale pamene Hollywood idayamba kuwerenga akufa, sidawawerenge mofanana.

Yankho lina limene opanga mafilimu adapeza lidali lachidule: kuchotsa anthu pabwalo. Kumapeto kwa Batman v Superman oonera akuuzidwa mobwerezabwereza kuti malo a nkhondoyo mulibe anthu, kuti ogwira ntchito aweruka, kuti chilumba n'chopanda anthu, kuti doko lidasiyidwa kalekale. Nkhondo yaikulu ya mu Civil War idachitikira pabwalo la ndege la Leipzig anthu atasamutsidwa. Ndipo pamene nduna ya boma idaonetsa ngwazizo chiwerengero cha akufa, New York idali ndi 74 okha, Sokovia 177. Oonera amene adaona zinjoka zachitsulo zikugumula nyumba za Manhattan adaseka. Okonda kulondola kayendedwe ka nkhani adapezanso chawo mu Batman v Superman, pamene Batman adaleka kupha Superman atangomva dzina la Martha, limene ndi dzina la amayi a onse awiri. Ena adati pamenepo Batman adazindikira kuti mdani wake ndi mwana wa munthu, ena adati ndi njira yaulesi yothetsera nkhondo. Mkangano umenewo sudathe mpaka lero.

Kuchokera pamenepo zotsatira za nkhondo zidakhala mgodi wa nkhani. Mu Spider-Man: Homecoming ya 2017, mdani ndi Adrian Toomes, kontirakitala amene adagula magalimoto ndi kulemba antchito kuti achotse zigumukire za nkhondo ya New York, kenaka adalandidwa ntchitoyo ndi nthambi ya Damage Control imene boma lidakhazikitsa mogwirizana ndi Tony Stark yemwe uja. Mu Avengers: Infinity War ya 2018, Thanos adafafaniza theka la zamoyo zonse ponena kuti chakudya ndi chuma sizikukwana, oonera n'kufunsa kuti mwini mphamvu zotere adalekeranji kungochulukitsa chakudyacho. Osowawo atabwezedwa patapita zaka 5 mu Avengers: Endgame ya 2019, mafunso adali a anthu wamba: nanga amene adasowa ali m'ndege adabwerera m'malere? Nanga amene adapeza mkazi atakwatiwa ndi wina, kapena nyumba yake mukukhala anthu ena? Sewero la The Falcon and the Winter Soldier la 2021 lidamangidwa pa funso lomalizali, la anthu othamangitsidwa m'malo amene adakhazikika. Ndipo sewero la The Boys, limene lidayamba mu 2019, limayamba ndi ngwazi yaliwiro ikuomba mtsikana woima m'mbali mwa msewu, kampani yake n'kutumiza loya ndi cheke kuti bwenzi lake likhale chete.

Si onse amene amayamikira chikhalidwe chimenechi. Olemba za mafilimu ambiri adadandaula kuti kuwerenga zolakwika kwasanduka masewera a anthu ofuna kuoneka anzeru, kuti chilichonse chimene filimu sidafotokoze chimatchedwa cholakwika, ndipo kuti alembi amantha amadzaza nkhani ndi mawu odzitchinjiriza m'malo mokamba nthano. Dandaulo limeneli ndi loona. Khoswe amene adaponda batani n'kutulutsa Ant-Man mu Endgame ndi mwayi chabe, ndipo nthano zonse zimayendera mwayi wotere. Kufunsa mmene Batman adapezera ndalama ya ulendo sikusintha tanthauzo la filimu. Koma kufunsa amene adali m'nyumba imene yagwa ndi nkhani ina, chifukwa ngwazi imatchedwa ngwazi kaamba ka anthu amene ikuwateteza. Anthuwo akachotsedwa, kapena akasanduka fumbi lokometsera chithunzi, chotsala ndi ziphona ziwiri zikulimbirana bwalo.

Filimu ya Superman ya mu July 2025, ya James Gunn, ikusonyeza pamene mkanganowu udafika. Pomenyana ndi chilombo pakati pa Metropolis, Superman akutha nthawi yambiri kutchinjiriza anthu kusiyana ndi kuponya zibakera, mpaka akupulumutsa galu ndi gologolo. Gunn adanena kuti anthu amene adaonetsedwa filimuyo isanatuluke adakangana kwambiri pa za gologoloyo, ndipo iye adayamba wachotsa kachigawoko kenaka n'kukabwezeretsa. Mzindawo usanang'ambike, anthu akuonetsedwa akusamutsidwa. Munthu wamba amene Lex Luthor akumupha ali ndi dzina, Malik Ali, wogulitsa zakudya mumsewu amene adathandizapo Superman atagwa. Mafunso atsopano sadalephere kubuka, makamaka lakuti Superman adapatsidwa ndi yani chilolezo cholowerera nkhondo ya maiko awiri, koma funso limeneli akulifunsa ndi Lois Lane m'kati mwa filimu momwemo.

Kuchokera pa envulopu yopanda kanthu ya Stan Lee kufika pa gologolo wa James Gunn padutsa zaka pafupifupi 60, ndipo m'zaka zonsezi oonera akhala akunyozedwa kuti akutaya nthawi ndi nkhani za ana. Komabe mafilimu amenewa amaonedwa ndi anthu mamiliyoni mazanamazana, kuyambira m'nyumba zikuluzikulu zakanema mpaka m'timashedi ta vidiyo ta m'matauni athu, ndipo amaphunzitsa maso mmene angaonere mzinda ukugwa. Akhoza kuwaphunzitsa kuonera kumwamba, kumene kuli woponya bomba, kapena pansi, kumene kuli womugwera. Nkhani za pa wailesi yakanema zimaonetsa nyumba zenizeni zitagwa m'nkhondo zenizeni, ndipo olankhulira asilikali akadagwiritsabe ntchito mawu aja a m'kaundula. Mnyamata amene adatuluka mu Man of Steel akufunsa kuti m'nyumba zija mudali anthu angati adafunsa funso limene akuluakulu a maiko ambiri sakonda kuliyankha. Mlandu suola, ndipo uwu wokha udayamba kuzengedwa ndi owerenga timabuku ta masenti.